Mitengo ya Kuseri kwa Amakatani

Tsiku loyamba kufika kwa apongozi anga, sanandifunse za kwathu kapena za ntchito yanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Ndinu wamtali. Bwerani mudzandigwirire uku."

Ndinalowa kuseri kwa nyumba ndi nsapato zanga zatsopano. Kwa ola lathunthu ndinaima pa njerwa ziwiri, manja m'mwamba, nditagwira nsonga ya katani yakale pamene iwo ankaipanira pa waya ndi mapegisi. Mwana wawo, amene panthawiyo anali asanakhale mwamuna wanga, anangoima pakhomo la khitchini n'kumaseka.

"Ndinakuuza kuti ubwere masana," anatero. "Dzuwa likapendeka, pano palibe mlendo."

Mumsewu wawo wonse palibe amene amawatchula dzina. Ndi Amakatani basi, chifukwa kwa zaka zoposa makumi atatu anasoka makatani, nsalu za pamipando ndi zapatebulo m'chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo. Makina awo anali opalasa ndi mwendo, ataikidwa pafupi ndi windo. Tepi yoyezera inkakhala m'khosi kuyambira m'mawa, mapini kukamwa, moti ana awo anakula akudziwa kumva mawu otuluka m'mbali mwa milomo. Amuna awo ankayendetsa basi ya maulendo ataliatali, ndipo mpaka lero, ngakhale anapuma kalekale, aliyense amawaitana kuti Adalaivala.

Nyumba yawo ndi yomaliza kumunsi kwa chitunda, pamene msewu umathera pa ngalande. Amene sanakhaleko malo otere sangamvetse. Mphepo yozizira imatsika phiri ngati madzi, n'kudzakhazikika kumunsiko. Nyengo yozizira ikamatha, anthu akumtunda atavula kale majuzi, kwa Amakatani udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. Bwalo lakuseri nalonso ndi laling'ono: mapazi khumi ndi awiri mulitali, asanu ndi anayi mulifupi, mbali imodzi khoma la njerwa, mbali zina mpanda wa waya. Pamalo pamenepo ndi pomwe mayiwa anaganiza zolima mphesa.

Nkhani ya chiyambi chake ndinaimva kwa onse awiri, ndipo amangosiyana pang'ono. Mayi wina wokalamba, kasitomala wawo wakale, anabwera ndi makatani oti afupikitsidwe chifukwa ankasamukira kwa ana ake. Ponyamuka anatulutsa timitengo titatu touma, titakulungidwa m'nyuzipepala yonyowa.

"Uwu ndi mpesa," anatero. "Kumene ndikupita ndi nyumba yam'mwamba, kulibe dothi. Mukautaya musandiuze."

Amakatani anazika timitengo tija pakati pa bwalo. Tiwiri tinaola. Kamodzi kanaphuka, masamba anayi anthete, ndipo patangotha sabata chisanu chinabwera n'kuwawaula onse. M'mawa mwake anali akuda ngati apsa ndi moto.

"Mayi, ndodo yanu ija yatha," anatero Adalaivala akumwa tiyi. "Ndiizule tikolezere moto?"

"Muikhudze muone."

Anagwada pansi, nakanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira. Patapita masabata atatu mphukira ina inatuluka m'munsi. Chaka chotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, ndi chinzake chomwecho. Mpesa sunkafa, koma sunkapitanso patsogolo.

Apa ndi pamene ndimawagomera mayiwa. Munthu wina akanati dothi ndi loipa, kapena mbewu si yakuno. Iwo anatenga mbale zing'onozing'ono zisanu ndi imodzi, nathiramo madzi, n'kuziika malo osiyanasiyana m'bwalomo dzuwa likulowa. M'mawa ankayendera mbale imodziimodzi, n'kuona yomwe madzi ake aundana pamwamba. Anachita zimenezi nyengo yonse yozizira. Adalaivala akabwera kuulendo ankafunsa ngati mphaka wam'nyumbamo wakwezedwa pantchito kuti azimwera mbale zisanu ndi imodzi. Koma pomaliza Amakatani analidziwa bwalo lawo monga amadziwira nsalu. Pakati ndi pakona ya kungalande ndi pomwe chisanu chinkagona. Mbale ya m'tsinde mwa khoma la njerwa sinaundanepo ndi kamodzi komwe, chifukwa khomalo linkamwa dzuwa tsiku lonse n'kumatulutsa kutenthako pang'onopang'ono.

Anausamutsa mpesa uja n'kuudzala pakhomapo. Anakhomera mawaya atatu. Kenako anakumbukira mulu wa makatani akale omwe makasitomala ankasiya akatenga atsopano. Poyamba anayesa pepala la pulasitiki, koma paliponse pomwe linakhudza tsamba, tsambalo linapsa. Nsalu yokhuthala ndiyo inagwira ntchito, bola ifike pansi ndipo itsinjiridwe ndi njerwa kuti kutentha kwa dothi kusathawe. Anaphunziranso kuwerenga kumwamba. Kukakhala mitambo kapena kamphepo, ankangotseka chitseko. Kukakhala kuli ngwee, masamba osagwedera, utsi wa kwa aneba ukukwera mowongoka, ankasiya msoko pakati n'kuyamba kunyamula makatani. Madzulo otere ndi amene ine ndinafikira.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mpesawo unabala masango awiri. Mwamuna wanga amati anawerengerana mphesa imodziimodzi ndi achemwali ake awiri, ndipo zinali zowawasa moti maso ankachita kutsinzinika okha, koma palibe amene anayerekeza kunena.

Kuchokera apo mitengo inayamba kuchulukana. Pichesi, pulamu, apozi wamfupi, ndi ndimu yodzala m'diramu lodula pakati. Ndimu siipirira chisanu, choncho Adalaivala anaikhomera matayala a wilibala kuti izilowetsedwa pakhonde. Kwa zaka zambiri imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yokha m'bwalomo, ndipo ankainyadira. "Basi yanga yomaliza," ankatero, akuikankha chammbuyo n'kumaliza hutala ndi pakamwa.

Kumezanitsa mitengo Amakatani anakuphunzira kuchipatala. Mng'ono wawo anadwala nthawi yaitali, ndipo Amakatani ndiwo ankamudikirira. Madotolo akamayendera odwala, odikirira ankatulutsidwa panja. Anzawo ankakhala pansi pa mtengo kucheza, koma iwo ankatsatira bambo wina wosamalira maluwa pachipatalapo, mpaka bamboyo anatopa ndi mafunso n'kuwapatsa mpeni. Anawaonetsa kucheka kanthambi ka mtengo wobala bwino, kukasema ngati mphero, kukalowetsa mu tsinde la mtengo wolimba, n'kumanga. Bamboyo ankati kumeneko ndi kukwatitsa mitengo. Kwa telala, kulumikiza zinthu ziwiri kuti m'mphepete mugwirizane sinali nkhani yachilendo. Mng'ono wawo uja atamwalira, nyumba yake isanalowe anthu ena, Amakatani anapita kukadula nthambi ziwiri za pichesi yomwe inali pabwalo pake, nazikwatitsa pa tsinde lomwe anameretsa okha. Imodzi inagwira. Mtengo umenewo m'nyumbamo unkatchedwa pichesi ya amayi aang'ono, ndipo zipatso zake zinali zoyera m'kati, zonunkhira, zotsekemera kuposa zonse.

Zokolola zake zoyamba zinadyedwa ndi mphutsi. Kunja zipatso zinkaoneka zosalala, koma ukang'amba, m'kati muli yakaliyakali. Ndi ntchentche zina zazing'ono zomwe zimaboola khungu n'kuikiramo mazira. Amakatani anatola zonse, zakugwa ndi zamumtengo zomwe, nazikwirira dzenje lakuya, ndipo kwa masiku awiri sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachitatu anatulutsa thumba la zidutswa za lesi, nsalu yopyapyala ya maukonde ija imakhala kuseri kwa katani, nayamba kusoka timatumba tokhala ndi kachingwe kukamwa. Chaka chotsatira chipatso chilichonse chitangofika ngati dzira la nkhunda chinavekedwa kathumba kake. Masango a mphesa nawonso, chifukwa mbalame zinali zitayamba kubwera ndi abale awo. Ine nditalowa m'banjamo timatumba timeneti tinali titapitirira mazana anayi, ndipo tinkachapidwa n'kusitidwa ngati zovala za mwana.

Anthu ankaima pampanda kudzaonerera. Ometa tsitsi a kumtunda kwa msewu, bambo wanthabwala, ndiwo anayambitsa mawu oti mitengo ya kwa Amakatani imavala bwino kuposa Adalaivala. Koma mapichesi atapsa ometawo ndiwo anali oyamba kubwera ndi mbale. Sanabwerere ndi zipatso zokha. Amakatani anawapatsa kamtengo kokwatitsa m'chitini, monga ankachitira ndi aliyense woyamikira kawiri.

Sindikufuna kuwapanga mngelo. Mayiwa ndi ovuta. Anandibwezapo ndowa ya madzi asopo opopera nsabwe za m'masamba ati ndachulutsa sopo, ndipo anandiuza pamaso pa alendo. Maliro a m'bale wina wa Adalaivala anachokako tsiku lomwelo chifukwa kumwamba kunayera, nkhani yomwe abale akuchimuna sanaiiwale mpaka pano. Chaka china masamba a mpesa atagwidwa ndi matenda ooneka ngati ufa woyera, anathothola masamba ambiri kuti mphepo izidutsa, n'kupyola muyeso, dzuwa n'kuwaula mphesa theka. Anavomera kulakwako patapita zaka ziwiri.

Maso ndi amene anawagwetsa. Ndinayamba kuzindikira ndine, chifukwa masana ena anandipempha kuti ndiwalowetsere ulusi m'singano, ati manja ali ndi mafuta. Sabata yotsatira kasitomala anabweza katani yokhota mpendero, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Titawakakamiza kupita kuchipatala, adotolo anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo yakhwima. Opaleshoni inalipo, koma mndandanda wa odikira unali wautali, ndiponso ankayenera kuchita diso limodzi kaye. Makina anavundikiridwa nsalu. Panthawiyo ine ndi mwamuna wanga tinkakhala kutali chifukwa cha ntchito, tinkangobwera Loweruka. Wotsala pakhomo anali Adalaivala.

"Bambo, mukhala maso anga," anawauza.

"Ine ndimadziwa msewu, mayi. Masamba onse kwa ine ndi obiriwira."

"Muphunzira. Basi munabadwa nayo?"

Loweruka lina ndinawapeza ali pantchito imeneyo. Amakatani atakhala pampando pakati pa bwalo, chipewa kumaso, Adalaivala ali pansi pa pulamu, magalasi pamphuno.

"Tembenuzani tsamba. Kunsi kuli chiyani?"

"Kuli tizinthu."

"Tizinthu totani?"

"Tating'ono. Tayimika bwinobwino m'mbali mwa mzere, ngati pa depoti."

"Tikuyenda?"

"Tili pa giya yoyamba."

"Nyerere zilipo?"

"Makondakitala ali mbwee."

"Ndi nsabwe zimenezo. Katengeni sopo."

Kudulira mpesa anachita ndi manja anayi. Amakatani ankapapasa nthambi, kuwerenga mfundo ndi zala, n'kugwira pamalo. Adalaivala ankaika sizasi pamwamba pa chala chawo n'kudula. Pa sabata zoyamba ankakangana mpaka aneba kusuzumira. Kenako phokoso linachepa. Bambo aja anayamba kudzuka okha m'mamawa kukayendera mitengo, ndipo madzulo ena ndinawaona ataima pakhomo, akuyang'ana utsi wa kwa aneba, nati, "Lero kugwa chisanu," asanauzidwe ndi munthu.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe sananene. Pa thunthu la pichesi ya amayi aang'ono, pamphanda, panayamba kutuluka utomoni wofiirira. Khungwa linalowa m'kati n'kuda. Nthambi imodzi inachita maluwa, n'kufota masamba asanatuluke. Adalaivala anadziwa kuti si zabwino. Anaidula nthambiyo mwakachetechete, napaka matope pabalapo. Akazi awo akafuna kupapasa mtengowo, ankawatsogolera mbali ina, ati uku kuli mavu. Anandiuza ine ndekha, tili kukhitchini.

"Mwananga, mayi anuwa makina awalanda, msewu sakuuona. Ndikawauzenso kuti mtengo wa mng'ono wawo ukufa? Adikire aone kaye."

Ndinawauza kuti akulakwitsa. Koma nanenso sindinaulule, choncho mlanduwo ndi wa tonse awiri.

Diso loyamba linachitidwa opaleshoni nyengo yozizira itayambanso. Tsiku lochotsa bandeji tinabwera nawo kunyumba, ndipo sanalowe n'komwe m'chipinda. Anazungulira nyumba ndi chikwama chawo m'manja. Anaima pa mpesa, nayang'ana kadulidwe kake, nagwedeza mutu kuvomereza. Anadutsa pulamu ndi apozi. Atafika pa pichesi ija anaima nthawi yaitali. Anakanda matope aja ndi chala. Utomoni unali utatsika mpaka m'tsinde, ndipo bala linali litazungulira thunthu kupitirira theka.

"Zayamba liti?"

Adalaivala anavula chipewa. "Maluwa asanatuluke."

"Chaka chatha."

"Eya."

"Sizasi imene munadulira apa, munadulira mitengo inanso?"

"Ndinkaipukuta ndi spiriti, monga munanenera. Mtengo uliwonse."

Amakatani anapukuta matope kuchala. Ine ndinkayembekeza mkuntho, chifukwa ndinawaonapo akukalipa pa nkhani ya ndowa. Koma anangoti, "Mukanandiuza nthawi yomweyo, tikanadula mphanda yonseyi, mwina ukanapulumuka. Pano wapita. Ukakhala, upatsira pulamu." Anatembenuka kuyang'ana amuna awo ndi diso latsopano lija, lofiira, likutuluka misozi yamankhwala ndi inayo. "Mwakalamba bwanji, bambo inu. Chaka chonsechi ndimayesa mukadali ndi tsitsi lakuda."

"Latha ndi nsabwe zanu," anatero Adalaivala.

"Katengeni sowo."

Adotolo anali atawaletsa kuwerama ndi kukhala pafumbi, choncho anakhala pakhonde pamene mwamuna wanga ndi bambo ake ankadula. Anawalamula kukumba chitsa ndi mizu yomwe, kutentha zonse, ndi kusadzalapo pichesi pamalopo kwa zaka zingapo. Sanatengeko nthambi ndi imodzi yomwe, ati mtengo wodwala sukwatitsidwa. Utsi utayamba kukwera analowa m'chipinda chosokera n'kutseka chitseko. Tinamva makina akulira pang'ono, n'kusiya, n'kuyambanso. Madzulo sanadye.

Kwa sabata ziwiri sanaitchule nkhaniyo. Adalaivala ankayenda m'nyumba ngati mlendo. Kenako m'mawa wina bambowo anasowa, osatsanzika, n'kubwera dzuwa lili pamutu atameta mpala, ngakhale anali atameta sabata yomweyo.

"Ndinali kwa ometa," anatero. "Kamtengo munawapatsa kaja, kam'chitini, kanachokera pa mtengo uti?"

Amakatani anaika kapu pansi. Kanachokera pa pichesi ya amayi aang'ono.

"Ndauzungulira katatu," anapitiriza Adalaivala. "Ndayang'ana pamphanda, ndayang'ana m'tsinde, ndakanda khungwa. Ulibe utomoni. Wakula kuposa denga, koma sudulidwa, uli ngati tsitsi la wamisala. Wometa wanji wosameta mtengo wake?"

Tsiku lomwelo anakwera chitunda onse awiri, mayi atagwira mkono wa bambo chifukwa diso limodzi limanamiza pa masitepe. Ometa anasiya kasitomala thovu lili kumaso n'kuwatsegulira geti. Amakatani anauyendera mtengowo okha, osakhulupirira lipoti la munthu, nadula timitengo tisanu tonenepa ngati pensulo. Asanachoke anaudulira mtengo wonsewo, mwini wake akungoti, "Pepani, mayi, pepani," ngati wagwidwa ndi mlandu. Ometawo anakumbukiranso kuti mphunzitsi wa nyumba yachitatu ali ndi wina, ndiponso mayi wogulitsa mazira kuseri kwa msika. Amakatani anali ataiwala kuti anagawa ingati.

Matsinde oti akwatitsepo analipo, omera okha m'zitini kuseri kwa bafa. Manja awo ankadziwa ntchitoyo, koma diso limodzi silinkawaonetsa bwino pomwe mpeni ukutera, ndipo anadzicheka chala pa koyamba. Anapereka mpeni kwa amuna awo.

"Musamacheke ngati mukusenda mbatata. Kamodzi, mokoka."

"Chonchi?"

"Mwaononga. Tengani kena."

Pa tisanu tija, titatu tinagwira. Kamodzi anakapereka kwa mwana wamkazi wa malemu mng'ono wawo, yemwe tsopano ali ndi nyumba yakeyake. Kena kali kwathu, pafupi ndi khoma, ndipo ndikabwera kudzawaona funso loyamba limakhala la kamtengoko, adzukulu pambuyo. Kachitatu kadakali m'diramu pakhonde, pafupi ndi ndimu, kudikira kuti dothi lipume.

Diso lachiwiri linachitidwa chaka chathachi. Makatani a anthu anasiya kusoka, amati msana sukulola, koma timatumba ta lesi amasokabe, ndipo tsopano timapita m'nyumba zisanu ndi ziwiri za mumsewumo. Mpesa uja wakuta khoma lonse. Chaka chino chisanu chinabwera mochedwa, kawiri, n'kuwaula mphukira za kumapeto komwe katani sinafike, komabe tinadula masango odzaza mabeseni atatu. Amakatani analawa imodzi nati yachepa dzuwa. Kwa ife tonse zinali zotsekemera.

Chomwe chasintha kwambiri ndi Adalaivala. Munthu akaima pampanda kufunsa chifukwa chake masamba a pichesi yake akupiringizika, iwo ndiwo amathamangira kukayankha, manja kumbuyo, ngati mlangizi. Loweruka lapitali ndinawamva akuuza mphunzitsi uja kuti athire phulusa lambiri m'tsinde mwa ndimu. Ndinayang'ana apongozi anga, omwe anali pakhonde akulowetsa kachingwe m'kathumba.

"Amayi, akunamatu apo."

"Ndamva," anatero, osadzutsa mutu. "Asiyeni amalize. Aphunzitsiwo akamadutsa pawindo ndiwaitana."